Si Mlandu Wonse Wochepetsedwa Umene Wagulidwa

Pali mau amene amatuluka msanga pakamwa pathu tikangomva chigamulo cha bwalo la milandu chimene sichidatikomere. Munthu adamangidwa pa mlandu wopha mnzake mwadala. Mlandu wazengedwa masiku angapo, mboni zalankhula, ndipo potsiriza woweruza wagamula kuti munthuyo ngwolakwa ndithu, koma pa mlandu wopha mnzake mosafuna. M'malo mwa chingwe wapatsidwa zaka zoŵerengeka za ukaidi. Tsono dzuŵa lisadaloŵe ife tagamula kale mlandu wina, wa woweruza uja. "Apa payenda ndalama," timatero pa msika, pa chigayo, ngakhale pa bwalo la tchalitchi tikangotuluka mu Misa. Chonsecho ambiri mwa ife amene tikunena zimenezi sitidapondeko kukhotiko, sitidamve mboni ndi imodzi yomwe, ndipo sitidziŵa chimene lamulo likunena.

Sitikukana kuti ziphuphu zilipo pa dziko lino lapansi, ndipo woweruza wogulitsa chilungamo ayenera kuzengedwa mlandu iye mwini. Chimene tikutsutsa ndi chiphunzitso chimene chakhazikika m'mitima mwathu popanda wochifufuza, chakuti munthu akaimbidwa mlandu waukulu bwalo liyenera kusankha pa zinthu ziŵiri zokha, kumpeza wolakwa pa mlandu womwewo kapena kummasula, ndipo kuti chilichonse chapakati ndi chinyengo. Chiphunzitso chimenechi n'chabodza, ndiponso n'choopsa. Kudali boma lina limene lidachikhulupirira mpaka kuchilemba m'malamulo ake, ndipo tiona kumene chidalifikitsa.

Mlandu umalembedwa umboni usadayesedwe

Tiyambe tafunsa kumene dzina la mlandu limachokera. Apolisi akagwira munthu, iwo pamodzi ndi oimira boma pa milandu amalemba pa pepala mlandu umene akuganiza kuti munthuyo adapalamula. Amaulemba misozi ya maliro isadaume, mitima ili m'mwamba, mboni zisadalumbire ndiponso zisadapanikizidwe ndi mafunso a mbali inayo. Pepala limenelo ndi chinenezo chabe. Likadakhala chigamulo, sipakadafunikanso bwalo, woweruza kapena mboni, pakuti wapolisi akadangomtenga munthu pamene wamgwirapo n'kukamtula kundende.

Mlandu waukulu uli ngati mtolo wa nkhuni. Uli ndi zigawo zingapo zomangidwa pamodzi, ndipo boma liyenera kutsimikiza chigawo chilichonse mosasiya chikaiko chenicheni. Mlandu wa uchifwamba ndi kuba kophatikiza ndi chiwawa kapena kuopseza. Ngati mboni zatsimikiza kuti munthu adatengadi njinga ya mnzake, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene watsimikiza kuti adamenya kapena kuopseza mwini njingayo, chimene chatsala m'manja mwa bwalo ndi kuba. N'chimodzimodzinso ndi imfa ya munthu. Kupha mwadala ndi kuchotsa moyo kosaloledwa ndi lamulo, kophatikiza ndi cholinga choipa cha mumtima, monga kufuna kupha kapena kuvulaza koopsa. Cholingacho chikapanda kutsimikizika, mtembo ulipobe, kulakwa kulipobe, koma mlandu watsika, wasanduka wopha mosafuna. Malamulo a kuno ku Malaŵi, amene tsinde lake lili m'malamulo a ku England, amalekanitsa milandu iŵiriyi m'ndime 208 ndi 209 za buku la milandu ya upandu. Amanenanso kuti munthu amene wapha mnzake mtima utamuphulika mwadzidzidzi chifukwa choputidwa koopsa, mkwiyo usadazizire, aikidwe pa mlandu wocheperawo.

Mphamvu yotsitsa mlanduyi ili ndi malire ake, ndipo n'kwabwino kuti tiŵadziŵe. Mlandu wocheperawo uyenera kukhala wopezeka m'kati mwa waukulu uja kapena wa mtundu wake, kuti woimbidwa mlandu akhale atauyankha kale pamene ankadziteteza. Munthu woimbidwa mlandu wa uchifwamba sangangodzidzimuka atapezeka wolakwa pa kuyenda ndi ndalama zachinyengo, popeza sadapatsidwe mpata wokonzekera kuyankha zimenezo. Ndiponso bwalo likhoza kutsika, koma silingakwere lokha. Woimbidwa mlandu wa kuba sangapezeke wolakwa pa uchifwamba popanda kuimbidwa mlanduwo poyera ndi kupatsidwa mpata wouyankha. Tisaiŵalenso kuti mau akuti wocheperapo satanthauza kuti waung'ono. Pa mlandu wopha mosafuna, lamulo la dziko lino limalola woweruza kupereka ngakhale ukaidi wa moyo wonse.

Zimene zidachitika ku Alabama

Ku America milandu ikuluikulu imagamulidwa ndi anthu wamba 12 osankhidwa pakati pa nzika, amene amamva umboni ndi kunena ngati munthu ngwolakwa kapena ai, pamene woweruza amaŵalongosolera lamulo. Gulu la anthu ameneŵa amalitcha jury. Mu 1972 bwalo lalikulu koposa la dzikolo, pa mlandu wa Furman, lidathetsa malamulo a chilango cha imfa amene adalipo pa nthaŵiyo, chifukwa chilangocho chinkagwa mwachisawawa. Anthu aŵiri opalamula mlandu wofanana, wina ankaphedwa, wina ai, popanda chifukwa chomveka. Motero maboma a zigawo za dzikolo adayamba kulemba malamulo atsopano.

Boma la chigawo cha Alabama lidaganiza kuti gwero la vutolo ndi ufulu wosankha umene anthu a jury adali nawo, ndipo mu 1975 lidaudula ufuluwo. Lamulo latsopano lidaletsa woweruza kuŵauza anthuwo za mlandu wocheperapo pa mlandu uliwonse wa chilango cha imfa. Akampeza munthu wolakwa, adayenera kulemba okha kuti aphedwe, ngakhale kuti pambuyo pake woweruza adali ndi mphamvu yosintha chilangocho kuti chikhale ukaidi wa moyo wonse. Akapanda kumpeza wolakwa, munthuyo adayenera kumasulidwa. Limeneli ndiye lamulo lenileni limene timapempha pa msika paja, lolembedwa bwinobwino ndi kusainidwa.

Munthu wina dzina lake Gilbert Beck adagwa m'manja mwa lamulo limeneli. Iye ndi mnzake adaloŵa m'nyumba ya bambo wina ndi cholinga cha kuba, ndipo Beck sadakane zimenezo. Adafotokoza kuti iye adagwira mwini nyumbayo kuti ammange ndi chingwe, koma mwadzidzidzi mnzake uja adamkantha bamboyo n'kumupha. Kuyambira pa chiyambi mpaka pa mapeto Beck adakana kuti adapha, kapena kuti adafuna kuti munthuyo afe. Malamulo a Alabama adali nawo mlandu woyenera nkhani yotere, wa munthu amene wachita nawo uchifwamba umene waphetsa munthu ngakhale iye sadafune imfayo, ndipo chilango chake chidali ndende, osati imfa. Boma lenilenilo lidavomera pambuyo pake kuti pakadapanda lamulo la 1975 lija, umboni udali wokwanira kuti anthu a jury auzidwe za mlandu umenewu. Koma sadauzidwe.

Tiyeni tidziike m'malo mwa anthu 12 aja. Pamaso pathu paima munthu amene wavomera ndi pakamwa pake kuti ndi mbala, ndiponso kuti manja ake adagwira munthu amene tsopano ali m'manda. Tikukaika pa chinthu chimodzi chokha, ngati adafunadi imfayo. Lamulo likutiuza kuti tikakaika timmasule. Koma ndani mwa ife angalole kudzamuona maŵa lake akuyenda mu mseu, akudutsa pa khomo la ofedwa ngati sadalakwe kanthu? Ambiri a ife tikadameza chikaiko chathu n'kulemba kuti aphedwe. Ena, oopa kuti mwazi ungakhale pa mitu yawo, akadammasula munthu amene akudziŵa bwino lomwe kuti ngwolakwa. Njira zonse ziŵirizi ndi bodza lonenedwa ndi anthu olumbira, ndipo amene waŵanamitsa ndi lamulo. Anthu a jury adampeza Beck wolakwa, ndipo adalamulidwa kuti aphedwe.

Pa 20 Juni 1980 oweruza 7 mwa 9 a bwalo lalikulu lija adaphwanya chigamulocho. Woweruza John Paul Stevens, polemba maganizo a bwalo, adalongosola kuti pamene umboni ukuonetsa poyera kuti munthu wapalamula mlandu woopsa wa chiwawa, koma pali chikaiko pa chigawo chimodzi cha mlandu wa imfa, kuŵamana anthu a jury njira yachitatu kumakulitsa ngozi yakuti munthu apezeke wolakwa pa chimene sichidatsimikizike. Ngozi yotere, bwalo lidatero, singaloledwe pamene nkhani ili ya moyo wa munthu. Lamulo limene lidalembedwa kuti lichotse chisawawa lidapezeka kuti likuchibala, popeza chigamulo chidaleka kutsamira pa umboni n'kuyamba kutsamira pa mantha a anthu 12, kaya mantha omasula chigaŵenga kapena mantha ophetsa munthu.

Nkhaniyi si ya kutsidya kwa nyanja kokha. Kuno kwathu, mpaka mu 2007, munthu aliyense wopezeka wolakwa pa kupha mwadala ankalamulidwa kuti anyongedwe, woweruza afune asafune. M'chaka chimenecho bwalo lalikulu, pa mlandu wa Francis Kafantayeni ndi anzake, lidagamula kuti chilango cha imfa chokakamiza chotere n'chosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Zaka zonse za m'mbuyomo, kusiyana kwa maina aŵiri aja, mwadala ndi mosafuna, kudali kusiyana kwa chingwe ndi moyo. Amene amanyoza khomo lachitatu aganizireko kuti likadakhala lotsekedwa, ndi ana angati a m'midzi mwathu, omenyana pa moŵa kapena pa malire a munda popanda wofuna imfa ya mnzake, amene akadalamulidwa kunyongedwa pamodzi ndi opha anthu mwachiwembu.

Kodi khomo lachitatu limathaŵitsa olakwa?

Otitsutsa adzati khomo limeneli likangotsegulidwa, opha anthu mwadala onse adzathaŵira pomwepo. Tiŵayankhe ndi mlandu wa ku England. Mu 2003 mphunzitsi wina wamkazi wa ku Brighton, Jane Longhurst, adafera m'manja mwa munthu wotchedwa Graham Coutts. Boma lidati adamupha mwadala, pamene Coutts adati idali ngozi. Pozenga mlanduwo mu 2004, mbali zonse ziŵiri zidakonda kuti anthu a jury asauzidwe za kupha mosafuna. Boma lidaumirira pa mlandu waukulu wokhawo, ndipo mbali ya Coutts idaona kuti popanda mlandu wapakati pali mwai wakuti munthu wawo amasulidwe kotheratu. Woweruza adavomera, ndipo Coutts adapezeka wolakwa pa kupha mwadala.

Mu 2006 bwalo la House of Lords, limene pa nthaŵiyo lidali lomaliza kumva apilo m'dzikolo, lidaphwanya chigamulocho. Lord Bingham ndi anzake adanena kuti woweruza ali ndi udindo woŵauza anthu a jury za mlandu wocheperapo umene ukuoneka poyera mu umboni, kaya maloya afuna kaya safuna, chifukwa chofunika kwa mtundu wonse n'chakuti munthu asalangidwe pa mlandu woposa umene adapalamula, ndiponso asapulumuke pa umene adapalamuladi. Kunena kwina, mlandu si juga yakuti maloya aziikapo moyo wa munthu kuti apate zonse kapena ataye zonse.

Tsono mvetsani chimene chidatsatira. Mlanduwo udazengedwanso mu 2007 motsata zimene bwalo lalikulu lidalamula, ndipo anthu ena a jury adampezanso Coutts wolakwa pa kupha mwadala. Adalamulidwa ukaidi wa moyo wonse. Khomo lachitatu silidamthaŵitse. Chimene lidachita ndi kulimbitsa chigamulo, pakuti tsopano palibe amene akadanenanso kuti anthu aja adalemba kupha mwadala chifukwa chosoŵa pothaŵira. Chigamulo cha anthu amene adali ndi njira ina n'kuikana chimalemera kuposa cha anthu opanikizidwa pa ngodya.

Nanga ofedwa?

Pali funso lina lolemera kuposa onse, ndipo sitifuna kulizemba. Mai amene mwana wake wagona kumanda adzatifunsa kuti kodi mwana wophedwa mosafuna amabwerako. Manda ndi amodzimodzi, ana amasiye ndi omwewo, ndipo munda umene wakufayo ankalima wamera tchire chimodzimodzi. Kwa mai wotere mau akuti mlandu wocheperapo amamveka ngati akumuuza kuti mwana wake adali wochepa mtengo. Sitingamdzudzule chifukwa cha kulira kwake. Amene tingaŵadzudzule ndi ife omzungulira, amene m'malo momtonthoza ndi zoona timathira mchere pa bala lake ndi mphekesera za ndalama zimene sitidazione.

Zoona zake n'zakuti bwalo siliyeza mtengo wa wakufa. Moyo wa munthu ulibe muyeso, ndipo ngakhale chingwe sichingaulipire. Bwalo limayeza kulakwa kwa wamoyo. Ife tomwe timachita zimenezi tsiku ndi tsiku pa makomo pathu. Mwana amene waswa mtsuko chifukwa chothamanga mosasamala, ndi mwana amene wauponya pansi dala kuti akhaulitse mai wake, sitiŵalanga mofanana, ngakhale kuti mapale ndi amodzimodzi. Makolo athu pa bwalo la mfumu sankangoona mnyanga wothyoka, ankafunsa chimene chidatsitsa dzaye.

Nzeru imeneyi si ya maloya a masiku ano. Malamulo a Mose, m'buku la Numeri mutu 35 ndi la Deuteronomo mutu 19, adapatula mizinda yothaŵirako munthu wopha mnzake mosafuna, ndipo yonse pamodzi idali 6. Chitsanzo chimene chidaperekedwa n'cha anthu aŵiri opita ku nkhalango kukadula mitengo, nkhwangwa ya wina n'kuguluka pa mpini n'kukantha mnzake. Munthu wotere sankaperekedwa kwa wachibale wofuna kulipsira. Komanso sankabwerera kwawo ngati palibe chachitika, pakuti adayenera kukhala mu mzindawo mpaka mkulu wa ansembe atamwalira. Chimene tiyenera kuchigwiritsa n'chakuti mutu womwewo wa Numeri umene udakhazikitsa mlandu wocheperapo udaletsanso kulandira dipo loombolera wopha mwadala, ndiponso udaletsa kupha munthu pa umboni wa mboni imodzi yokha. Olemba malamulo aja sadaone kusemphana kulikonse pakati pa kudana ndi chiphuphu ndi kulekanitsa milandu. Ziŵirizi zimachokera pa muzu umodzi, umene uli kufuna kuti chigamulo chinene zoona.

Pamene khomo lachitatu limasanduka mbuna

Tikadakhala osakhulupirika tikadalekera pomwepa, ngati kuti chigamulo chilichonse cha mlandu wocheperapo n'cholungama. Si choncho ai. Khomo limeneli lili ndi kiyi mmodzi yekha, ndiye umboni. Bwalo lomwe lija la ku America lidanena zimenezi momveka mu 1982 pa mlandu wa John Louis Evans, wa ku Alabama komweko, amene adavomera yekha kuti adaombera mwini sitolo ndi cholinga cha kupha. Lidagamula kuti pamene umboni sukupereka malo a mlandu wocheperapo, palibe chimene munthu wamanidwa. Sititchula zimenezi poyamikira chilango cha imfa, chimene Mpingo kuyambira mu 2018 ukuphunzitsa poyera m'Katekisimu kuti n'chosaloleka. Tikungoonetsa kuti mlandu wocheperapo si mphatso yopatsa aliyense woipempha. Pali njira ziŵiri zimene khomoli limasandukira mbuna.

Yoyamba ndi pamene bwalo latsitsa mlandu umene umboni udautsimikiza wonse. Ambiri tikukumbukira nkhani ya Oscar Pistorius, katswiri wothamanga wa ku South Africa. Pa 14 Febuluwale 2013, m'nyumba mwake ku Pretoria, adaombera zipolopolo zinai pa chitseko chokhoma cha chimbudzi n'kupha bwenzi lake, Reeva Steenkamp. Iye adati ankayesa kuti m'menemo mwaloŵa mbala. Mu 2014 woweruza Thokozile Masipa adampeza wolakwa pa kupha chifukwa cha kusasamala, osati mwadala, ndipo adamlamula zaka 5. Anthu ambiri adakwiya. Koma taonani njira imene cholakwacho chidakonzedwera. Boma lidachita apilo pa mfundo ya lamulo, ndipo mu Disembala 2015 bwalo la apilo la ku Bloemfontein lidapeza kuti bwalo loyamba lidaphonya funso. Chofunika sichidali chakuti kodi Pistorius adadziŵa kuti kuseri kwa chitseko kuli Reeva, koma chakuti kodi adaoneratu kuti munthu aliyense amene adali m'kachipinda kaja akhoza kufa, n'kuombera ndithu. Mlandu udabwerera pa kupha mwadala. Adalamulidwa zaka 6 mu 2016, ndipo mu 2017 zidaonjezedwa kufika pa zaka 13 ndi miyezi 5. Cholakwacho chidapezeka poŵerenga umboni ndi lamulo, ndipo chidatchulidwa dzina lake. Oweruza a apilo sadanene kuti mnzao uja adagulidwa, koma adachita kunenetsa kuti kusintha chigamulo chake sikutanthauza kunyoza luso lake. Woweruza akhoza kuphonya popanda kudya kanthu, ndipo mankhwala a kuphonya ndi apilo, osati miseche, ndiponso osati kutseka khomo.

Mbuna yachiŵiri ndi yozama koposa, koma n'zodabwitsa kuti pa msika sitiimva ikutchulidwa. Imeneyi ndi pamene munthu wosalakwa konse apatsidwa mlandu wocheperapo kuti onse akondwe pang'onopang'ono. Akhristu tikumdziŵa bwino woweruza amene adayesa njira imeneyi. Pilato adanena poyera kuti sadapeze cholakwa mwa Yesu, koma m'malo mommasula adaganiza zomkwapula kaye, kuti khamu likhutire ndi theka la zimene linkafuna. Kumeneko sikudali kulekanitsa milandu, kudali kugula mtendere ndi msana wa munthu wosalakwa, ndipo khamu lidaona kufooka kwakeko n'kuumirira mpaka litalandira zonse. Masiku ano mbuna imeneyi imadikira makamaka mmphaŵi. Munthu amene wakhala nthaŵi yaitali m'ndende podikira mlandu, wopanda womlongosolera bwino lamulo, akamva kuti atavomera mlandu wocheperapo adzatuluka msanga, akhoza kuvomera, ngakhale kuti mwina adangodziteteza kwa womuukira, kapena sadalipo n'komwe. Pamene umboni walephera pa zonse, chigamulo cholungama ndi kummasula munthuyo. Theka la chilango kwa munthu wosalakwa ndi chisalungamo chathunthu.

Motero sitikupempha oweruza kuti akhale ofeŵa, ndiponso sitikuŵapempha kuti akhale aukali. Tikuŵapempha kuti atche chochita chilichonse dzina lake lenileni, losakwera ndi losatsika, ndiponso kuti alongosole zifukwa zawo m'chilankhulo chimene ofedwa angamve. Mphekesera zambiri zimamera pamene banja latuluka m'khoti lisadamvetse chimene chachitika, popanda woimira boma kapena wina aliyense wokhala nalo pansi kulifotokozera kuti ndi chigawo chiti cha mlandu chimene sichidatsimikizike.

Udindo wathu

Wina angafunse chifukwa chimene tikulimbikira chotere pa nkhani ya mau olankhulidwa pa msika. Yankho lake tonse taliona, kapena talimva. Anthu akakhulupirira kuti bwalo limagulitsa milandu yonse, amaleka kupita nayo kubwaloko, ndipo amayamba kuweruza okha ndi miyala, zibonga ndi moto. Khamu lotere limadziŵa mlandu umodzi wokha ndi chilango chimodzi chokha. Kwa ilo wakuba nkhuku, wopha munthu, ndi mlendo amene wangofanana ndi mbala, onse ndi amodzi. Silimva mboni, silichedwa, ndipo chigamulo chake chilibe apilo. Lamulo la Alabama lija lidali ndi makomo aŵiri, koma khamu lili ndi limodzi. Aliyense amene amafesa mau akuti payenda ndalama popanda umboni akutolera nkhuni za moto umenewo, ngakhale iye mwini sadzagwira machesi. Ndipo ana athu, amene amamvera zokamba zathu pa mphasa madzulo, amakula akudziŵa kuti munthu akangolozedwa chala, mlandu watha.

Tsono tsiku lina tikadzamva kuti bwalo latsitsa mlandu, tidzayambe tafunsa tisadatsegule pakamwa. Kodi mboni zidati chiyani? Kodi ndi chigawo chiti cha mlandu waukulu chimene woweruza wati sichidatsimikizike, ndipo wapereka zifukwa zotani? Milandu yambiri imazengedwa poyera, ndipo munthu aliyense akhoza kukakhala pa benchi n'kudzimvera yekha. Ngati titamva zonse tikuonabe kuti bwalo laphonya, tithandize ofedwa kukafunsa kwa oimira boma ngati pali njira ya apilo. Ngati tili ndi umboni weniweni wa chiphuphu, tikaupereke kwa oyenera, ndipo tikhale okonzeka kuimirira pa mau athu. Koma ngati tilibe kanthu koma mkwiyo wokha, tikumbukire kuti kunamizira woweruza ndi umboni wonama womwe uja umene lamulo lachisanu ndi chitatu limaletsa.

Lero tili ku mbali ya ofedwa, ndipo khomo lachitatu likutinyansa. Koma palibe banja limene lidalonjezedwa kuti lidzakhala ku mbali yomweyo mpaka kale. Mwana wathu yemwe, wofatsa uja, tsiku lina akhoza kukankha mnzake pa mkangano, mnzakeyo n'kumenyetsa mutu pa mwala. Pa tsiku limenelo tidzakhala pa benchi ya kumbuyo m'khoti, tikupemphera kuti woweruza akhale munthu wodekha, wosaopa khamu, wodziŵa kusiyanitsa chimene mwana wathu adachita ndi chimene chalembedwa pa pepala la apolisi. Ngati tidzafuna kumpeza woweruza wotere pa tsikulo, tileke kumgenda lero.